Malo a Tomé pa Mchenga

Samisoni anakhala wopanda boti kuyambira mwera wa chaka chatha. Iye ndi anzake anayi ankakwera m'maboti a eni, lero la uyu mawa la uja, ndipo akabwerako mwini boti ankayamba wasankha nsomba zazikulu iwo akuyang'ana. Mvula itatha anagulitsa mbuzi ndi chinangwa chouma, naitanitsa matabwa a mlombwa kumapiri, pamodzi ndi mtengo wautali wa muwanga woti ukhale msana wa boti. Kenako anatumiza mawu ku Cobue kuti a Bartolomeyo, mmisiri wokhoma maboti, abwere ku Nkholongue.

Boti lakale linali lalifupi, la pansi pophwatalala, mtundu umene bambo awo anauzolowera ku Malawi nthawi ya nkhondo, pamene ankasodza m'madzi osaya a ku Malombe. Kufupi ndi gombe linalibe vuto. Koma nsomba za kugombe zinachepa, ndipo aliyense wofuna ncheni ndi kampango anayamba kulowera pakati pa nyanja, kumene mapiri akwawo amaoneka ngati utsi. Mwera unawapeza kumeneko. Boti linatembenuka, ndipo amuna asanu ndi mmodzi analigwiritsitsa likuyandama chadodolido. Tomé, mng'ono wake wa Samisoni, anali mbali ina ya botilo. Sankaonana, ankangomvana mawu. Samisoni ankamuyankhulitsa kuti asafooke, za munda, za mpira, za mbuzi ya amalume awo imene inadya sopo, ndipo Tomé ankavomera kuti eee. Pamene boti la ku Metangula linawatola, m'madzi munatuluka anthu asanu. Samisoni sanadziwe kuti anayankhula yekha kwa nthawi yaitali bwanji, ndipo sanadziwe amene ankamuvomera chakumapetoko.

Asilikali a panyanja anafufuza, asodzi a madoko onse anafufuza, thupi silinapezeke. Munthu akasowa chotero, abale amadula thunthu la nthochi, kulikulunga m'nsalu ndi kuliika m'manda, ansembe napemphera monga pa maliro ena onse. Izi zisanachitike, wosowayo amawerengedwabe pakati pa amoyo. Gawo lake la nsomba limapita kunyumba kwake, ndipo malo ake m'boti sakhalapo wina. Akuluakulu a banja anafunsa za thunthulo kangapo, ansembe nawonso anafunsa, koma Samisoni ankayankha kuti adikire, Ireni mkazi wa Tomé sanakonzeke. Ndipo mmawa uliwonse akachoka panyanja ankanyamula yekha gawo la Tomé kukalisiya pakhomo la mlamu wakeyo.

A Bartolomeyo anafika pa boti la katundu, thumba la zipangizo lili paphewa. Anali munthu wamfupi, wa khutu limodzi logontha, amene ankatembenuza mutu wonse akafuna kumva. Anayang'ana matabwa aja, kuwagogoda, kununkhiza limodzi, kenako anafunsa kuti akufuna boti lotani.

"Lalikulu," anatero Samisoni.

"Ngati sitima ya Ilala?" anafunsa a Bartolomeyo.

Anyamata anaseka. Hélio, amene anali wamng'ono pa onse ngakhale anali kale ndi ana awiri, anati iye akanakonda akanangogula la faiba ngati amene anawaona ku Metangula, opepuka, osamira ngakhale adzaze madzi. A Bartolomeyo anavomera kuti samira. Anati koma likakhudza mwala wa pa doko lino ling'ambika ngati chikho, ndipo wolimata sapezeka kufupi, pamene la matabwa munthu amalimata ndi thonje ndi phula ali pansi pa mtengo wa kwawo. Marcos, mnzawo wonenepa, anati agogo ake anafika pakati pa bwato wosema ndipo anafa ndi ukalamba. A Bartolomeyo anafunsa kuti anzawo a agogowo anafa ndi chiyani.

Mmisiriyo anakhala pa mtengo wa muwanga uja nafotokoza mosafulumira. Boti la pakati, anatero, liyenera kukhala ndi msana wakuthwa pansi kuti lizing'amba funde, osati kulimenya ndi mimba monga linkachitira lakale lija. Mutu ukwere kuti madzi azigawikana, m'mbali mufike pa ntchafu ya munthu woimirira. Kutalika kwake kukwane kugona pa mafunde awiri, chifukwa lalifupi limagwera m'dzenje la pakati pawo. Samisoni ankagwedeza mutu pa chilichonse, poganiza kuti akumuvomereza. Koma a Bartolomeyo anapitiriza kuti kukula nakonso kumapha. Anafunsa za injini, ndipo atamva kuti ndi ya kinze, ya mphamvu ya mahatchi khumi ndi asanu, yomwe ija ya boti lakale imene anaivuula ndi kuikonzetsa, anati kinze ili ndi polekezera, boti likalemera kuposa mphamvu yake limaima pamaso pa mwera ngati ng'ombe yokana goli. Anafunsanso ngati boti limagona pamadzi. Samisoni anati ayi, pa doko lawo palibe pobisala mphepo, aliyense amakokera lake kumtunda tsiku ndi tsiku.

"Ndiye boti lanu liyezedwa ndi manja anu," anatero a Bartolomeyo. "Mawa mmawa mubwere nonse, mchenga usanatenthe."

A Bartolomeyo sankayamba ndi tepi yoyezera. Ankakhazika asodzi pamchenga mmene amakhalira m'boti, aliyense ndi malo a miyendo yake ndi a ntchito yake, kenako n'kulemba mzere mowazungulira. Ankati pepala silidziwa kuti wina ali ndi maondo aatali. Mmawa mwake anakhoma chikhomo pamchenga kuti apa ndiye pamutu, nawauza kuti akhale monga amakhalira masiku onse, asaganize.

Marcos anakhala kutsogolo, poponyera nangula, ndipo mnzawo Nelio anati amulembere malo a anthu awiri popeza matako ake amalipira kawiri pa chapa, minibasi ya kwawoko. Marcos anati ndi matako omwewo amene amaletsa mutu wa boti kuuluka, Nelio angoyamika. Nelio ndi João anakhala kumbuyo kwake moyang'anizana, mulu wa maukonde a machera uli pakati pawo. Hélio anatsatira, pafupi ndi posungira nsomba. Samisoni anakhala kumapeto, dzanja lamanzere lili m'mwamba pang'ono ngati lagwira injini.

A Bartolomeyo anatenga ndodo nayamba kulemba kuchokera pa chikhomo, akuyenda chowerama. Atadutsa Hélio, ndodo inapitirira pa mchenga wopanda munthu, danga lokwana munthu wokhala atatambasula miyendo, kenako inazungulira kumbuyo kwa Samisoni ndi kubwerera mbali inayo. Pa danga limenelo ndi pamene Tomé ankakhala ndi chigubu chodula, kukapa madzi. Panalibe amene analisiya mwadala. Hélio sanasunthire kumbuyo, Samisoni sanasunthire kutsogolo, basi. Mzere utatsekeka onse analiona, ndipo nthabwala za Marcos zinathera pomwepo. Anadzuka mmodzimmodzi, aliyense akudumpha mzerewo mosamala, ndipo palibe anaponda pa dangalo.

Mmisiriyo anayeza kutalika kwa chojambulacho ndi nsungwi, nakayerekeza ndi mtengo wa muwanga. Unakwana ndendende, chifukwa Samisoni pouitanitsa kumapiri anali atayeza ndi maso a masiku akale. A Bartolomeyo anangopempha kuti awaperekeze kumapeto kwa doko, kumene kunali boti la munthu wina la kutalika komweko, mutu wake uli pamchenga, kumbuyo kuli m'madzi. Anapempha chilolezo kwa mwini wake, naika mitengo yogudubuzira pansi, nauza asanuwo kuti alikokere kumtunda monga amachitira mwera ukamawathamangitsa, popanda kuitana wina.

Anagwira atatu mbali ina, awiri mbali ina. Samisoni anayambitsa mfuu yokokera, enawo anavomera, boti linasuntha pang'ono n'kuima. Anayambitsanso, linakwera mtengo woyamba n'kupendekera mbali ya awiriwo. João anaterereka nagwada m'madzi. Samisoni, phewa lili pansi pa thabwa, maso atatseka, anakuwa kuti, "Tomé, nyamula uko!"

Boti linabwerera m'madzi pang'onopang'ono. Amayi amene ankatsuka mbale chapafupi anaweramitsa mitu. Nyanja inali bata tsikulo, dzuwa lili ngwee, ndipo Samisoni anadzipeza ataima chilili, khutu atalitchera ku mbali ina ya botilo.

Anyamata atabalalika, a Bartolomeyo anamuitanira pa mthunzi. Anati iwo akhoza kukhoma boti la kutalika kulikonse, matabwa ndi ake. Koma limene lajambulidwa pamchengalo ndi la manja a anthu asanu ndi mmodzi, ndipo tsiku limene mafunde adzawafikitsa pagombe ali kumbuyo kwawo, lidzasweka iwo akuligwira. Samisoni anati apeza munthu wina. A Bartolomeyo anafunsa kuti ndani m'mudzi muno angakhale pa malo a munthu wosaikidwa. Anati ngakhale atapezeka wa kutali wosadziwa, kinze siidzakankha boti limenelo litadzaza nsomba ndi madzi. Loyenera iwo ndi lalifupi ndi malo a munthu mmodzi, ndipo lidzagonabe pa mafunde awiri.

"Sindidula mtengowu mpaka mundiuze," anatero. "Ndikaudula sindingaulumikizenso. Ndikausiya wautali, mudzanditukwana muli m'madzi."

Samisoni anati nkhaniyi si yake yekha. Boti likakhala lopanda malo a Tomé, gawo la Tomé latha, ndipo akatero ndiye kuti wauza mlamu wake kuti mwamuna wake sadzabwera. A Bartolomeyo anatembenuza khutu labwino lija, namvetsera mpaka kumapeto, kenako anati adikira, ku Cobue kulibe chowathamangitsa.

Masiku angapo anadutsa. Mmisiriyo ankasema nthiti za boti pansi pa mtengo wa mango, akung'ung'udza nyimbo za kutchalitchi, ndipo mtengo wa muwanga unagona pamenepo wosakhudzidwa. Chojambula cha pamchenga chinafufutika ndi mphepo ndi mapazi a mbuzi, koma anthu a pa doko ankachilambalalabe. Mwera unali pafupi. Hélio anayamba kunena kuti mwini boti lina ku Metangula akumufuna, ndipo Nelio anasiya kuseka. Samisoni ankapitabe kunyumba kwa Ireni mmawa uliwonse, kusiya nsomba pa mbale ya pakhonde, kupereka moni ndi kubwerera asananene chimene anadzera.

Tsiku lina anamupeza kuseri kwa nyumba akusenda chinangwa choviika. Ireni anamupatsa mpando, nafunsa za kunyanja, Samisoni nafunsa za Aida, mwana wa Ireniyo, kusukulu. Kenako anayamba kufotokoza za boti, za msana wakuthwa, za mutu wokwera, za injini ya kinze. Anafotokoza zambiri zimene mkazi wosenda chinangwa sakanazifuna. Ireni anamusiya mpaka mawu anamuthera, ndipo anati za dangalo anamva kale, amayi a kudoko anamuuza tsiku lomwelo.

Samisoni anati asadandaule, iye sadzalola kuti adule mtengowo mpaka iwo amake Aida atakonzeka, ngakhale mwera uwadutse.

Ireni anaika mpeni pansi.

"Alamu, anakuuzani ndani kuti sindinakonzeke?"

Samisoni anafufuza m'mutu mwake tsiku limene anamufunsa, ndipo sanalipeze.

Ireni anayankhula motsitsa, akuyang'ana chinangwa. Anati nsomba zimene amabweretsazo iye sanadyepo ngakhale imodzi. Amapatsa Aida, zotsala amagawira anansi, chifukwa kuzikana sangathe, n'za mwamuna wake. Anati amayi ake ku Cobue akhala akutumiza mawu kuti abwere akalime nawo, koma sangachoke pakhomo pano banja lisanamusudzule, ndipo banja silingasudzule mkazi wa munthu wamoyo. Kutchalitchi akamapempherera odwala ndi apaulendo amatchula Tomé, akamapempherera omwalira samutchula, ndipo iye sadziwa pamene ayenera kunena ameni.

"Koma chimene chikundivuta si chimenecho," anatero. "Mumayenda mofanana. Nonse mumakoka phazi lamanzere. Mmawa uliwonse ndimamva munthu akuchokera kunyanja, akukwera kanjira aka, akuika nsomba pa mbale. Ndimadziwa kuti ndi inu. Koma ndimadzukabe."

Nkhuku inabwera kudzajompha makoko, palibe anaiingitsa. Samisoni anayang'ana mapazi ake. Kenako anati iye sanamuone Tomé akumira. Anati ankamuyankha, mpaka pamene boti lija linafika ankamuyankha, ndipo munthu sangadulire thunthu la nthochi munthu amene anamusiya akuyankha.

"Inu amakuyankhani," anatero Ireni. "Ine ndamuitana chaka chonse."

Anatolanso mpeni. Sanalire, ndipo Samisoni anayamika mumtima kuti sanalire. Anakhala pamenepo mpaka dengu la chinangwa linadzaza, kenako anatsazika. Ireni anamuuza kuti nthochi za kuseri kwa nyumba anabzala ndi Tomé yemwe, ngati akufuna thunthu asavutike kukafuna kwina.

Madzulo ake Samisoni anapita kwa amalume awo, nawauza kuti aitane abale ndi kukaonana ndi ansembe. Amalumewo sanafunse chimene chasintha. Anangoti Loweruka likudzali n'labwino.

Mmawa wotsatira a Bartolomeyo anakhomanso chikhomo pamchenga. Amuna aja anakhala monga poyamba, Marcos kutsogolo, Nelio ndi João, kenako Hélio. Samisoni anakhala kumapeto, ndipo danga lija linabwereranso pakati pa iye ndi Hélio ngati kuti lakhala likuwadikira. Hélio anacheuka, nayamba kudzikoka chambuyo kuti alitseke, koma mmisiriyo anamuletsa. Anati mutu wa boti uli pa chikhomo ndipo susuntha, aliyense wakhala pa ntchito yake. Chimene chimafupika ndi kumbuyo.

Onse anayang'ana kutsogolo, kunyanja, kuti asamuone. Samisoni anatsamira manja pansi. Danga linali laling'ono, mwana akanalidumpha. Anaona kuti mchenga wa pamenepo unali wosalala, wopanda phazi la munthu, ngakhale doko lonse linali lopondedwapondedwa. Anadikira pang'ono, osadziwa chimene akudikira. Kunamveka madzi okha akuseweretsa timiyala. Kenako anadzikoka, nakhala pamenepo, maondo ake atatsala pang'ono kukhudza msana wa Hélio. Mchengawo unali wozizira kuposa wa pamene anachoka.

A Bartolomeyo analemba mzere mofulumira. Anati Hélio ndiye azikapa madzi tsopano, atembenukire kumbuyo akamatero, malo akwana. Anayeza ndi nsungwi ija, napita pa mtengo wa muwanga, nalemba ndi khala pamene pafunika kudula. Anapempha Samisoni kuti agwire mbali yotsalayo kuti isang'ambike pogwa.

Muwanga ndi wolimba, ndipo macheka anatenga nthawi. Utuchi unkagwera pa mapazi a Samisoni. Chidutswa chitalekana ndi msana, kulemera kwake konse kunatsalira m'manja mwake, ndipo anachitsitsa pansi bwinobwino. Mwa chizolowezi zotsala za mitengo zimakhala za mmisiri, koma a Bartolomeyo anachiyang'ana, nachigubuduza ndi phazi, nati mtengo umenewu chiswe sichiudya. Ukang'ambidwa pakati ukwana mtanda wa pamanda, ndipo iwo akhoza kuusema Loweruka lisanafike, ngati abale avomera.

Samisoni anati akawaonetse kaye amalume. Anachinyamula paphewa, Marcos atamuthandiza kuchikweza, nayamba kukwera kumudzi. Kumbuyo kwake anamva mmisiri akuitana anyamata kuti agwire msana wa boti auike pa mitengo, ndi Nelio akufunsa Marcos ngati malo ake awiri aja alembedwa.

Njira yachidule yopita kwa amalume inkadutsa pakhomo pa Ireni. Atafika pa mphambano, Samisoni anasintha phewa, nalowera njira ya m'minda ya chinangwa, yaitali ndi yamiyala, imene imazungulira kuseri kwa nyumba zonse.